Kodi mlendo wosavota angadandaule ku khonsolo? Yankho kwa mayi wa ku Masiphumelele

Mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Masiphumelele, kufupi ndi Fish Hoek kumwera kwa mzinda wa Cape Town, wanditumizira imelo. Akuti suweji ya mumsewu mwawo imasefukira kawirikawiri, madzi onyansa nkumayenda pakhomo pamene ana awo amasewera, ndipo akufunsa ngati iwo, pokhala munthu wakunja wosavota, angathe kukadandaula ku khonsolo popanda kudziputira mavuto. Mayi, funso lanuli landikhudza kwambiri chifukwa fungo limene mukunenalo ndikulidziwa, ndipo mantha amene ali kuseri kwa funsolo ndikuwadziwanso bwino.

Nditangofika kumene kuno ndinkachita lendi mkhukhu wa malata kuseri kwa nyumba ya njerwa ku Masi komweko. Pa poloti imodziyo tinalipo mabanja angapo, Amalawi, anzathu a ku Zimbabwe ndi banja limodzi lachixhosa, tonse tikudalira mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Mvula ya kuno imagwa nthawi yozizira, mu June ndi July, ndipo ikagwa masiku otsatizana chivundikiro cha suweji cha pamsewu chinkayamba kutulutsa thovu, kenako madzi otuwa ankalowa pansi pa geti mpaka kufika pa zitseko zathu. Tinkayala njerwa ndi zidutswa za mapaleti kuti tipeze popondapo, ndipo amayi ankanyamula ana pamsana ngakhale ana oti atha kuyenda okha. Mwini poloti uja ankabwera ndi kope, nkusonkhetsa ndalama khomo lililonse kuti aitane bambo wina wa waya wautali amene ankatokosa paipi kwa ola limodzi, madzi nkutsika, patapita sabata nkubwereranso. Wina akatchula zoimbira foni ku khonsolo, mwini poloti ankakalipa kuti akabwera adzawerenga mikhukhu nkuigwetsa, ndipo ife akunja adzatifunsa mapepala. Tonse tinkangoti zii, chifukwa munthu amene wangofika kumene sakangana ndi mwini denga limene akugonamo.

Masana ndinkagwira ntchito ya m'munda ku Fish Hoek, mtunda woti pa minibasi ndi mphindi zochepa chabe. Mmodzi wa mabwana anga anali gogo wina wachizungu amene ankasunga kabuku pafupi ndi foni ya m'nyumba. M'kabukumo munali masiku ndi manambala okhaokha. Getsi la mumsewu likazima, ankaimba, nkulemba nambala imene amupatsa. Bini ikapanda kutengedwa tsiku lake, ankaimba, nkulembanso. Pakapita masiku osaona kanthu, ankaimbanso, koma ulendo uno osafotokozanso nkhani yonse, ankangowerenga nambala ija ndi kufunsa kuti yafika pati. Sindinamumvepo akukalipa kapena kutchula kuti amadziwana ndi wamkulu wina. Madzulo ena ankavala jekete lake nkupita ku msonkhano wa bungwe la eni nyumba, kumene ankakambirana za magalimoto oimikidwa pagombe ndi za mitengo yofunika kudulira. Ine ndinkabwerera ku Masi kukadumpha njerwa zija.

Amene anathetsa nkhani ya pa poloti pathu anali mayi wa banja lachixhosa lija. Tsiku lina mwana wake atatsegula m'mimba, sanapemphe chilolezo kwa aliyense, anangoimba. Kunabwera galimoto ya thanki yokhala ndi paipi yopopa madzi mwamphamvu, anatsegula chivundikiro, anatulutsa nsanza, mchenga, matewera ndi mafuta oundana, kenako nkumapita. Sanawerenge mkhukhu ngakhale umodzi, ndipo palibe amene anatiyang'ana kumaso kuti afunse kwathu. Paipiyo inali ya khonsolo, ndipo kuitsegula inali ntchito imene sitinkayenera kulipira ngakhale senti. Ndalama zonse zimene mwini poloti ankasonkhetsa zija zinali zongotidyera.

Komabe sindikufuna kuti mumve ngati kusiyana kwa Fish Hoek ndi Masi kwagona pa kabuku ka gogo uja basi, chifukwa kutero kungakhale kunyoza anthu amene akhala akudandaula kwa zaka zambiri. Fish Hoek inamangidwa ngati tauni yodziimira payokha. Njanji yopita ku Simon's Town inadutsa pamenepa mu 1890, mapoloti anayamba kugulitsidwa mu 1918, ndipo mu 1940 malowa anakhala ndi khonsolo yawoyawo, meya wawo ndi misonkho yawo. Inali tauni yodziwika ndi lamulo loletsa kugulitsa mowa, lochokera pa chikalata cha malo cha mu 1818, komanso pa nthawi ya tsankho inali ya azungu okha. Misonkho ya eni nyumba inkagwira ntchito m'misewu ya eni nyumba omwewo, pamene anthu owaphikira ndi kuwalimira m'minda analibe malo ovomerezeka okhala pafupi. Anthu amene anachotsedwa ku Simon's Town ndi madera ozungulira anakaikidwa ku Ocean View kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Masiphumelele, imene akuluakulu amaitchabe Site 5, inadzavomerezedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, itakonzedwera mabanja ochepa kwambiri poyerekeza ndi chikhamu chimene chilipo lero. Mapaipi anaikidwa poganizira banja limodzi pa poloti, koma lero pa poloti pali mabanja asanu kapena kuposa, ndiye musadabwe kuti suweji ikulephera kupuma.

Khonsolo ya Fish Hoek ija kulibenso. Mu 1996 inalowetsedwa mu South Peninsula Municipality, ndipo mu December 2000 makhonsolo onse a m'derali anaphatikizidwa kukhala City of Cape Town imodzi. Alipo okalamba ena ku Fish Hoek amene amalirabe masiku amene meya ankakumana naye pogula buledi, ndipo ndimawamvetsa, pakuti lero zinthu zikuluzikulu zimagamulidwa ku Civic Centre pakati pa mzinda, makilomita oposa 30 kuchokera kuno. Koma ine ndikunena mosabisa kuti kuphatikizako kunali koyenera. Khonsolo yaing'ono ya anthu olemera okhaokha, yoyandikana ndi malo a anthu osauka opanda khonsolo, ndiyo inali njira imene tsankho linkadzidyetsera. Lero thumba ndi limodzi, ndipo paipi ya ku Masi ili ndi mwini yemweyo amene ali ndi getsi la mumsewu wa gogo uja. Chimene sichinafanane ndi mphamvu ya mawu, pakuti mbali ina ili ndi mabungwe, maloya opuma pantchito ndi anthu a nthawi yopita ku misonkhano ya masana, pamene mbali inayo anthu amachoka m'mamawa kuli mdima nkubwerera kutada.

Ndipo dera la kudambo ku Masi, kumene mikhukhu inamangidwa m'mabango ndi m'mphepete mwa ngalande, lili ndi mavuto oti foni yokha singawathetse. Mu 2017 nthambi yoona za chilengedwe ya boma la chigawo cha Western Cape inalamula khonsolo kuti ikonze ukhondo wa ngalande zimenezi, ndipo zimenezo zinatheka chifukwa anthu okhala komweko anakhala akulemba, kujambula ndi kuitana akuluakulu kuti adzaone okha. Moto wa pa 17 December 2020 unapsereza mikhukhu yoposa 1,000 tsiku limodzi, mphepo ya kumwera chakum'mawa ikuukoleza, ndipo pakati pa amene anataya zonse panali Amalawi ambiri. Moto sunafunse pasipoti, choncho sindikuona chifukwa choti pa msonkhano wokambirana za misewu yodutsa galimoto zozimitsa moto ife tizikhala panja.

Apa ndiye pamene ndimakwiya ndi ife eni, Amalawi. Tinaleredwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo timakhala ngati mawa tikukwera basi, chonsecho ena a ife ana athu anabadwira ku False Bay Hospital ndipo akulankhula Chixhosa kuposa Chichewa. Timasonkha mokhulupirika ndalama za maliro kuti thupi likafike kumudzi, timakhala ndi makomiti a mpingo okhala ndi mlembi ndi msungichuma, koma pa nkhani ya madzi onyansa amene akudwalitsa ana amoyo timati si kwathu kuno. Ndikuganiza kuti mbali ina ya vutoli tinachoka nayo kumudzi. Ku Malawi makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti mjigo ukawonongeka umapita kwa amfumu, kapena umadikira phungu abwere pa maliro kuti umunong'oneze. Tinazolowera kuti chithandizo cha boma ndi chifundo cha munthu wamkulu, chimene umachipempha utagwada, ndipo ukakhala mlendo ulibe nkhope yopemphera. Makhonsolo a kuno sayenda choncho. Amayenda ndi madandaulo olembedwa, ndipo dera limene silidandaula limaoneka m'makompyuta awo ngati dera limene zonse zili bwino.

Zimene lamulo likunena

Kuvota nkwa nzika zokha, ndipo pamenepo palibe mtsutso, chifukwa gawo 19 la malamulo aakulu a South Africa a mu 1996 limapereka ufulu umenewo kwa nzika. Koma malamulo omwewo akafika pa madzi mu gawo 27, ndi pa malo okhala osawononga thanzi mu gawo 24, amanena za munthu aliyense. Lamulo loyendetsera makhonsolo, Municipal Systems Act la mu 2000, pofotokoza anthu a m'dera limatchula okhalamo, olipira misonkho, mabungwe, ngakhalenso alendo ongodutsa amene akugwiritsa ntchito zinthu za khonsolo, ndipo gawo 5 limawapatsa ufulu wopereka madandaulo, pakamwa kapena polemba, ndi kuyankhidwa msanga. Choncho, mayi, inu muli m'gulu limenelo chifukwa chokhala ku Masi, osati chifukwa cha mtundu wa chiphaso chanu.

Khonsolo ya Cape Town imene inasankhidwa pa 1 November 2021 inakhala ndi makhansala 231, mwa iwo 116 oimira mawodi ndipo 115 olowa kudzera pa mndandanda wa zipani, meya wake nkukhala Geordin Hill-Lewis. Khansala wa wodi amaimira aliyense wokhala m'wodimo, womuvotera ndi wosamuvotera yemwe, ngakhale sindikunamizani kuti wandale amathamangira mofanana kwa munthu wopanda voti. Nchifukwa chake ndimati musayambire kwa khansala. Yambirani kumene dandaulo limasanduka nambala, pakuti nambala ilibe mtundu, ndipo khansala mudzamupeze mutanyamula manambala osayankhidwa m'manja. Mawodi a kuno kumwera ali pansi pa Subcouncil 19, nthambi ya khonsolo yoyang'anira dera lino, imene ofesi yake ili ku Fish Hoek, ndipo misonkhano yake anthu amaloledwa kukamvera. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 July, ndondomeko yake yoyamba imatuluka kumapeto kwa March, ndipo m'masabata otsatira anthu amapemphedwa kupereka maganizo. Nkhani yokulitsa paipi, kusiyana ndi kungoitsegula, malo ake ndi pamenepo, ndipo kalata yosainidwa ndi msewu wonse, Amalawi ndi eni dziko pamodzi, imalemera kuposa ya munthu mmodzi. Ndikutsindika mawu oti pamodzi, chifukwa dandaulo looneka ngati la akunja okha ndi losavuta kulikankhira pambali, komanso chifukwa anansi anu achixhosa akudumpha madzi omwewo.

Tsono chochita nchachidule. Imbani 0860 103 089 kapena lembani dandaulo pa tsamba la intaneti la khonsolo, tchulani dzina la msewu ndi nambala ya nyumba yoyandikana ndi chivundikirocho, jambulani chithunzi, ndipo musadule foni musanalandire nambala ya dandaulo. Ine pa madandaulo otere ndimafunsidwa dzina, foni ndi malo basi. Uzani anansi awiri kapena atatu kuti nawonso aimbe, ndipo ikasefukiranso imbaninso, kuti zioneke kuti vutolo ndi lobwerezabwereza. Pa moto kapena ngozi nambala ndi ina, 021 480 7700. Ngati kutsekekako kuli m'kati mwa poloti, udindo ndi wa mwini poloti, ndipo akakana kukonza kapena akakuopsezani kuti akutulutsani chifukwa mwadandaula, nkhaniyo mukhoza kupita nayo ku Rental Housing Tribunal ya Western Cape, imene imamva milandu ya eni nyumba ndi anthu ochita lendi popanda kulipiritsa.