Kodi Mkuwa Umapha? Yankho kwa Achimwene a ku Joni

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena okhala ku Johannesburg. Anayamba kufulula mowa pakhomo mu 2020, nthawi ija boma la South Africa linaletsa kugulitsa mowa chifukwa cha Covid-19, ndipo mpaka lero sanasiye. Agula paipi ya mkuwa yozungulirazungulira yoziziritsira mowa ukangophulidwa pamoto. Tsono mayi a kunyumba aona dzimbiri lobiriwira m'makona mwa paipiyo, ndipo alamula kuti chinthucho chituluke m'nyumba. Funso lawo ndi lakuti, kodi mkuwa umapha?

Achimwene, ndikuyankhani, koma mwanditokosa pachilonda.

Ine ndinakulira pakhomo pa azakhali anga omwe ankafulula masese, ndipo fizi ikavuta ankatchezanso kachasu. Amuna awo anagwirako ntchito ku migodi ya ku Kitwe, ndipo pobwerera kumudzi anatenga paipi ya mkuwa weniweni, yofiirira, yolemera m'manja. Azakhali ankaisamala kuposa mbale za alendo. Tsiku lotcheza lisanafike ankadula mandimu, kuwaviika mu mchere, n'kuikwecha mpaka iwale. Ntchito yanga inali kumangirira kansanza ku waya n'kukakoka m'kati mwa paipiyo, uku ndi uku, mpaka kansanzako katuluke kopanda zobiriwira. Ndikachita ulesi ankaona okha, chifukwa ankaisuzumira poloza kudzuwa.

Makasitomala ankati kachasu wa azakhali sanunkha mazira ovunda ngati wa ena. Ena ankanong'ona kuti pali mankhwala. Panalibe mankhwala alionse. Mkuwa umagwira mpweya wa sulfure womwe umabweretsa fungo loipalo, ndipo n'chifukwa chake opanga whisky ku Scotland amatchezera m'miphika ya mkuwa mpaka lero. Ku Plzeň, m'dziko la Czech Republic, komwe mowa wa Pilsner Urquell unayamba mu 1842, akuwiritsirabe m'miphika ya mkuwa. Azakhali sankadziwa dzina la sulfure, koma mphuno yawo inkadziwa.

Nanga anzawo oyandikana nawo ankatchezera chiyani? Wina paipi yodula ku felemu ya njinga. Wina migolo yogula pamsika yosadziwika kuti munali chiyani kale, mafuta kapena mankhwala ophera tizilombo. Amenewo palibe ankawafunsa funso. Izi ndi zomwe zimandipweteka mpaka lero: timaopa chitsulo chomwe chimadzionetsa chokha chikada, koma timameza mwakachetechete zomwe sizisintha mtundu. Mtovu suoneka, sununkha, sulawika. Ku America anthu akhala akudwala ndi mtovu chifukwa chomwa kachasu wotchezedwa ndi maradiyeta a galimoto, omwe amalumikizidwa ndi mtovu. Umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, kuwononga impso ndi ubongo, munthu n'kumaloza mfiti.

Ndiye ndinene mosapsatira: pa zipangizo zanu zonse, paipi ya mkuwa ndi yomwe sindikuiopa kwenikweni. Ndikuopa timipopi tachikasu ta brass tomwe mwina mwamangirirako, chifukwa brass yakale kapena yotchipa imakhala ndi mtovu. Ndikuopa polumikizira ngati anawotcherapo ndi solder ya mtovu. Ndikuopanso chizolowezi chathu chotola mapaipi a mafiriji akale kwa ogulitsa zitsulo zakutha, poti ndi mkuwa womwewo. Inde ndi mkuwa, koma m'kati mwake munkayenda gasi ndi mafuta a kompulesa. Zimenezo si za chakudya, ngakhale mutatsuka bwanji.

Koma pali pena pomwe mabuku a azungu angakusokeretseni. Iwo amati mkuwa ulibe vuto mowa usanayambe kuwira ndi yisiti, ndipo akunena zoona pa mowa wawo. Madzi otsekemera a balere amakhala ndi pH ya cha m'ma 5.2 (pH ndi muyeso wa asidi: nambala ikamatsika, asidi amachuluka), asidi wake ndi wochepa, kamkuwa kosungunuka n'kochepa, ndipo yisiti amakatenga kambiri poti amakafunanso kuti akule bwino. Ngakhale malamulo a FDA, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, omwe amaletsa mkuwa kukhudzana ndi chakudya cha pH yochepera 6, amalola ofulula mowa kuugwiritsa ntchito pa magawo oyambawa. Koma masese athu si mowa wa balere. Ife phala timalisiya lisase kaye, kenako n'kuliwiritsanso, ndipo pH yake imatsika pansi pa 4. Phala losasa, lotentha, likakhala mu mkuwa limaudya. Azakhali, ndi chikondi chawo chonse pa paipi ija, masese ankawasunga mu mbiya. Chimodzimodzi mowa wa nanazi womwe unatchuka kwanuko nthawi ya Covid: nanazi ndi wa asidi, musamuyandikize ku mkuwa.

Nanga zobiriwirazo?

Apa alamu anga akhoza, ndipo muwauze kuti ndatero. Dzimbiri lobiriwiralo limasungunuka msanga mu mowa, ndipo likachuluka limabweretsa nseru, kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsegula. Bungwe la WHO linaika malire a mamiligalamu 2 a mkuwa pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ku India kunali matenda a chiwindi mwa ana omwe madokotala anawagwirizanitsa ndi mkaka wowiritsidwa kapena kusungidwa m'ziwiya za brass ndi mkuwa. Palinso anthu obadwa ndi matenda a Wilson, omwe thupi lawo limalephera kutaya mkuwa. Choncho si nkhani yoseka nayo, ndipo mkazi amene waona zobiriwira n'kukuwa wakuchitirani zabwino.

Ndionjezepo kwa anzathu otcheza kachasu, poti ndikudziwa kuti mukuwerenga: mkuwa umachotsa fungo, suchotsa methanol, poizoni yemwe amatha kupezeka mu kachasu. Musamanamize anthu kuti poti paipi ndi ya mkuwa ndiye kuti chilichonse chotulukamo n'chabwino.

Tsono paipi yanuyo musaitaye. Ikwecheni ndi viniga kapena mandimu ndi mchere mpaka zobiriwira zonse zichoke, muitsukuluze ndi madzi ambiri, muiumitse bwinobwino musanaisunge. Jik ayi, amadya mkuwa. Ikangoderako n'kukhala yofiirira moderapo, isiyeni choncho, khungu limenelo limaiteteza. Muiviike mu mowa wa balere mphindi 15 zomaliza kuwiritsa kuti ife majeremusi, muziziritse, muitulutse musanathire yisiti. Kuyambira pamenepo mowa uzikhala mu galasi, mu stainless steel kapena m'chigubu cha pulasitiki chopangidwira zakudya. Timipopi ta brass ngati simukudziwa komwe tinachokera, tisintheni ndi ta stainless steel.