Amayi, inunso mukufunika mpando m'chipinda cha dokotala

Imelo yanu ndaiwerenga katatu, Amayi. Mwati mwana wanu wa zaka 22 anatuluka m'chipatala mwezi watha atamupeza ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, ndipo mukufunsa ngati alipo akatswiri othandiza inu apabanja. Kumapeto mwapepesa, mwati mwina mukudzikonda pofunsa zimenezi. Kupepesa kwanuko ndi kumene kwandisowetsa tulo.

Mlongo wanga anayamba kudwala ali ndi zaka 19. Poyamba tinkati ndi ulesi, poti anasiya kusamba, anasiya anzake, n'kumangobindikira m'chipinda. Kenako anamata nyuzipepala m'mawindo onse, akuti pali anthu akumuzonda. Usiku ndinkamumva akuyankhana ndi munthu woti palibe. Tsiku lomugoneka ndine ndinamugwira mkono, ndipo anandiyang'ana ngati ndamugulitsa. Patatha masabata 5 anatibwezera munthu wathu, kathumba ka mapiritsi ndi tsiku lobwereranso. Basi. Palibe anatikhazika pansi kutiuza choyankha akamati tamuthirira poizoni m'madzi.

Ndiye ine ndinachita zomwe ndinkayesa chikondi. Ndinkatsutsana naye mpaka mawu kusasa. Ndinkang'amba nyuzipepala zija, kumudzutsa m'mamawa mokalipa, kuwerenga mapiritsi ake iye akuona. Manja atayamba kunjenjemera, khosi kuuma, dovu kuchucha, ndinati matenda akula. Sindinkadziwa kuti ndi mankhwala a haloperidol amene ankamwa aja, komanso kuti dokotala akanatha kuchepetsa mlingo kapena kumupatsa mankhwala ena othetsa kuumako. Iye anangosiya kumwa mwakachetechete. Isanathe miyezi 7 tinali titabwerera kuwodi.

Ulendo wachiwiriwu namwino wina wachikulire anandipeza ndikulira pakhonde. Anandilowetsa m'kachipinda, nandifunsa funso lomwe palibe anali atandifunsapo: “Nanga inuyo mumagona?” Anandiphunzitsa kuti mawu amene mlongo wanga amamva, kwa iye ndi enieni ngati mawu anga, ndiye kumutsutsa kumangondisandutsa mdani. Anati ndiziti, “Ine sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukuopsa.” Chiganizo chimodzi chimenechi chinabweretsa bata m'nyumba mwathu kuposa kukalipa kwanga kwa chaka chathunthu.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti zimene anandiuzazo zinafufuzidwa kalekale. Mu 1972, katswiri wofufuza George Brown ndi anzake ku London anatsatira odwala otuluka m'chipatala kwa miyezi 9. Mwa amene anabwerera m'nyumba zodzudzulana kwambiri, zaukali kapena zomulondalonda wodwala osamupatsa mpata wopuma, 58 pa 100 alionse anadwalanso. M'nyumba zabata anali 16 okha. Nditaona manambalawa mtima unandiwawa, chifukwa ndinadziona ndekha. Koma mumvetse bwino, Amayi: banja siliyambitsa matendawa. Mu 1948 dokotala wa matenda a maganizo Frieda Fromm-Reichmann analemba zoti amayi ouma mtima ndiwo amadwalitsa ana awo schizophrenia, ndipo kwa zaka zambiri amayi osalakwa anasenza mlandu umenewo. Ganizolo linatayidwa chifukwa linalibe umboni. Tikamakalipa timakalipa chifukwa tatopa, tili ndi mantha, ndipo palibe watiphunzitsa njira ina.

N'chifukwa chake ine ndimanena mosapsatira kuti chipatala chotulutsa wodwala osaphunzitsa abale ake chagwira theka la ntchito. Dokotala amamuona mphindi zochepa pamwezi. Maola ena onsewo ali ndi ife. Ndife timadziwa kuti sanagone masiku atatu, ndife timaona akayambanso kuseka yekha. Anamwino ndi ochepa, ndikudziwa, koma bedi limene wodwala adzagonerenso akadwalanso limadya ndalama ndi nthawi kuposa ola limodzi lokhala pansi ndi mayi ake. Ndipo nkhani ya chinsinsi cha wodwala isakutsekeni pakamwa. Mwana wanu ndi wamkulu, dokotala sangakuuzeni zonse iye asanalole, koma palibe choletsa dokotalayo kumvetsera zimene inu mwaona kunyumba.

Chinanso chimandipweteka ndi liwu lakuti “wamisala”. Mlongo wanga analimva kwa mnzake wapamtima, ndipo anatha mwezi osatuluka panja. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 24 miliyoni padziko lonse ali ndi schizophrenia, kutanthauza mmodzi pa anthu 300, ndipo mmodzi mwa atatu amatha kuchiriratu. Mlongo wanga sanachiriretu, koma amabayitsa jakisoni kamodzi pamwezi, amagwira ntchito, ndipo masiku ano ndi iye amandikumbutsa tsiku la kuchipatala.

Nanga mupemphe chiyani?

Thandizo lilipo, ndipo lili ndi dzina: family intervention. Banja limakumana ndi namwino wa matenda a maganizo, phungu kapena psychologist, wodwalayo alipo ngati walola. Ku England malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala, amati ikhale mikumano yosachepera 10, m'miyezi 3 mpaka chaka. Ngati kwanuko kulibe, pemphani ola lanulanu ndi namwino. Mufunse dzina la mankhwala, mlingo wake ndi zovuta zake, ngati jakisoni angatheke, komanso nambala yoimba usiku zikavuta. Mulembe limodzi zizindikiro zoyamba za mwana wanuyo. Mufunse ngati pali gulu la abale a odwala. Mowa ndi chamba zimadzutsa matendawa, muzikambe poyera. Akayamba kunena zodzipha, musadikire tsiku lake lobwerera, pitani tsiku lomwelo.

Ndipo mukamuuze namwinoyo kuti inu simukugona, monga mwandilembera ine. Mukabwerako mundilemberenso, ndimve zimene akuyankhani.