Mwana wa RCZ kusukulu ya Akatolika: kodi akatayika?

Mayi wina wa ku Kapata, muno mu Chipata, wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino mayeso ndipo mtima wake uli pa St. Monica's, sukulu ya atsikana ya Akatolika. Banjali ndi la mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ), ndiye bambo ake akuti toto, mwana akabwerako ndi korona m'khosi. Funso la mayiwa ndi loti: tisankhe sukulu ya mpingo wathu, kapena imene mwana akufuna?

Amayi, poyamba tisiyanitse sukuluzi. Zilipo za mishoni zakale: a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo mpaka lero RCZ ili ndi sukulu ku Magweroko ndi ku Madzimoyo, Chassa ku Sinda ndi ya anyamata, ya Akatolika, Msoro ndi ya Anglican. Zambiri mwa izi ndi zomwe amati grant-aided. Mwini wake ndi mpingo, koma aphunzitsi amalipidwa ndi boma, ndipo mayeso ndi omwewo a ECZ, bungwe loona za mayeso m'dziko muno. Kenako pali zapulaiveti zomwe zikumera ngati bowa, vesi lalikulu pachikwangwani. Zina ndi zabwino ndithu, koma musapereke ndalama musanafunse ngati inalembetsedwa ku unduna wa maphunziro, komanso ngati ana amalembera mayeso pomwepo.

Za mantha a bambo. Inde, kusukulu ya Akatolika mwana adzakhala nawo pa Misa, adzadziwa nyimbo ndi mapemphero awo. Koma Akatolika sabatizanso munthu wobatizidwa kale m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndipo amene si Mkatolika salandira Ukalistia. Funsani ahedi ngati ana a mipingo ina amaloledwa kusonkhana paokha Lamulungu. Funsaninso za phunziro la RE, lija la zachipembedzo, chifukwa kwa zaka zambiri lakhala ndi masilabasi awiri: 2044, yomwe Akatolika amaikonda, ndi 2046, yofala m'sukulu za mipingo inayi. Ine ndimaona kuti mwana amene anazolowera kupemphera pakhomo sasokonezeka ndi belu la Misa. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja makolo amutumiza kumishoni kuti masisitere kapena abusa akamuwongole, iwo atalephera.

Pali funso lina limene makolo amachita nalo manyazi, koma lifunseni: mtsikana akatenga pathupi, sukulu imatani? Kuyambira 1997 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Sukulu zambiri za mishoni, makamaka za Akatolika, sizimulandiranso, zimamupatsa kalata yosamukira kwina. Sindikulosera mwana wanu zoipa ayi. Kungoti yankho la ahedi pa nkhaniyi lidzakuonetsani mmene amachitira ndi mwana wolakwa, kaya wapezeka ndi foni, kaya wadumpha mpanda. Ena amaitana makolo n'kukambirana, ena amangoti longedza. Ndipo kukwapula kunaletsedwa m'sukulu za dziko lino, ndiye wina asakuwerengereni buku la Miyambo kuti ateteze chikoti.

Za ndalama, musanyengeke ndi mawu oti maphunziro aulere. Kuyambira 2022 fizi inachotsedwa m'sukulu za boma, koma chogonera chimalipidwabe, ndipo za mishoni zimakhala ndi zolipira zawozawo. Ngati m'thumba mwavuta, kafunseni za basale ya CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, kwa khansala wa wadi yanu, mwachangu.

Pitani mukaone ndi maso, tsiku wamba, osati lija lochezera ana pomwe paliponse pasesedwa. Ofesi ya ahedi imakhala yowala kulikonse. Pemphani kulowa m'chipinda chogona: muwerenge mabedi, muone ngati maneti a udzudzu ndi opachika, mutsegule mpopi. Mufunse kuti mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, madzi amawatunga kuti. Nthawi ya nkhomaliro suzumirani m'mbale, muone ngati nyembazo ndi nyemba kapena msuzi wokhawokha. Chezani ndi amatroni, chifukwa mwana akatentha thupi usiku, wodzuka ndi iwowo.

Maganizo anga ndi akuti mamakisi ake akafika pa cut-off point ndipo malo apezeka, muloleni apite. Koma ulendo wokaona sukuluwo musapite nokha. Atengeni bambo ake, mafunso a Misa akafunse okha kwa ahedi.