Funsani Dokotala: Kodi khansa ya m'mawere ndi yakumtundu?

Funso: Adokotala, mayi anga anamwalira ndi khansa ya m'mawere ali ndi zaka 44, ndipo chaka chatha mng'ono wawo anapezeka nayonso. Ine ndili ndi zaka 29. Kodi nane ndiyembekezere zomwezo?

Yankho: Pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya mayi anu. Khansa iliyonse imayamba malangizo a m'maselo a thupi, omwe amatchedwa majini (sindikunena majini a mizimu aja), akasokonekera, moti selo limangochulukana mosalekeza mpaka kupanga chotupa. Kwa anthu ambiri kusokonekeraku kumachitika pang'onopang'ono munthu akamakula ndipo sikupita kwa ana. Mwa amayi 100 odwala khansa ya m'mawere, ndi 5 mpaka 10 okha amene anachita kubadwa ndi jini yolakwika.

Komabe nkhani ya kwanu siyofunika kuinyozera, chifukwa odwalawo ndi apachibale ndipo mayi anu anadwala asanafike zaka 50. Mu 1990 wasayansi wa ku America, Mary-Claire King, anasonyeza kuti m'mabanja ena otere vuto limakhala pa kromozomu 17, kamodzi mwa timitolo tosunga majini m'selo. Jini yake, BRCA1, inapezeka mu 1994, ndipo inzake, BRCA2, mu 1995. Ntchito ya ziwirizi ndi kusoka DNA, ulusi wa m'selo umene umanyamula majini, ikaduka. Kholo likakhala ndi yolakwika, kaya ndi mayi kapena bambo, mwana aliyense akhoza kuitengera kapena ayi, theka kwa theka. Mwa amayi 10 amene aitengera, pafupifupi 7 amadwala khansa ya m'mawere pofika zaka 80, ndipo chiopsezo cha khansa ya timatumba tosungira mazira chimakweranso.

Chimene chimandisangalatsa ine pa kafukufuku waposachedwa n'chakuti kufooka komweku kwasanduka potulukira mankhwala. Selo la khansa lopanda BRCA limadalira njira ina yokonzera DNA, yotchedwa PARP, ndipo mankhwala a olaparib akatseka njira imeneyo selolo limafa, pamene maselo abwino ambiri amapulumuka. Anavomerezedwa mu 2014 pa khansa ya timatumba ta mazira, kenako mu 2018 pa ya m'mawere, ngakhale kuti mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Kuyeza majini kumachitika ndi magazi kapena malovu, koma sikupezeka m'zipatala zambiri kuno kwathu. Mpata ukapezeka, woyamba kuyezedwa akhale mayi anu aang'ono, popeza iwo ndi amene angasonyeze ngati vutoli lilipodi m'banjamo. Inuyo pitani kuchipatala mukafotokoze mbiri yonseyi, kuphatikizapo ya kubanja la bambo anu, kuti azikupimani nthawi ndi nthawi. Mwezi uliwonse, patapita masiku ochepa mutamaliza kusamba, muziimirira pagalasi, kenako muzipapasa bere lililonse ndi zala zitatu mpaka m'khwapa. Mukapeza kachotupa kolimba ngakhale kosapweteka, nsonga ya bere yolowa mkati kapena yotuluka magazi, kapenanso khungu lokhakhala ngati khoko la lalanje, musadikire kuti mwezi uthe.