Kodi chamba cha electro chinachokera kuti?

Funso: Akonzi, mng'ono wanga amene amapanga mabiti pa kompyuta amati nyimbo iliyonse yovinira yopangidwa ndi makina ndi electro. Kodi akunena zoona, nanga chambachi chinayambira kuti? *Wowerenga wanu, Zomba.*

Yankho: Ambiri masiku ano amatero, koma electro ndi chamba chapachokha chimene chinabadwira ku New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, disco itayamba kuzilala. Ma DJ a ku Bronx ankavinitsa achinyamata ndi malekodi a funk a James Brown ndi George Clinton, koma ena, makamaka Afrika Bambaataa, ankasakanizamo nyimbo za Kraftwerk ya ku Düsseldorf ku Germany ndi Yellow Magic Orchestra ya ku Japan, magulu amene ankadalira kwambiri makina poimba.

Mu 1982 Bambaataa ndi gulu la Soulsonic Force anatulutsa "Planet Rock" mothandizidwa ndi Arthur Baker ndi John Robie. Kamvekedwe kake anakatenga mu "Trans-Europe Express" ya 1977, ndipo ng'oma zake anatsanzira "Numbers" ya 1981, zonsezi za Kraftwerk, moti Tommy Boy, kampani imene inatulutsa lekodiyo, inadzalipira eni ake pambuyo pake.

Ife timaona kuti ulemu waukulu uyenera kupita kwa makina ogunda ng'oma a Roland TR-808. Anatuluka ku Japan mu 1980, ndipo oimba ambiri anawanyoza ponena kuti samveka ngati ng'oma zenizeni, kufikira kampani ya Roland inasiya kuwapanga mu 1983. Kunyozedwako n'kumene kunawatchipitsa mpaka achinyamata opanda ndalama zambiri anatha kuwagula, n'kukonda kugunda kwake kozama kogwedeza chifuwa. Apa m'pamene khutu limasiyanitsira: mu house, chamba china chovinira cha makina, ng'oma yaikulu imagunda mofanana osasintha, pamene mu electro imadumphadumpha monga mu funk, ndipo kawirikawiri mawu a woimba amadutsa m'makina osintha mawu otchedwa vocoder kuti amveke ngati a loboti.

Chambachi chinafala msanga. Mu 1983 katswiri wa jazz Herbie Hancock anatulutsa "Rockit", ndipo chaka chomwecho ku Detroit gulu la Cybotron, mmene munali Juan Atkins, linatulutsa "Clear", imene inalambula njira ya techno. Ku Florida kunaphuka Miami bass, imene ma DJ a ku Rio de Janeiro anaisandutsa funk carioca.