Kujambula za mtsinje wa Combahee pakhoma la sukulu: yankho kwa mphunzitsi

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale watilembera kuti ophunzira ake akufuna kujambula pakhoma nkhani ya Harriet Tubman, mayi wakuda amene anathawa ukapolo n'kumathandiza ena kuthawa, ndi akapolo omwe anamasulidwa pa mtsinje wa Combahee ku America. Akufunsa kuti chithunzicho chikhale ndi chiyani kuti chisanamize anthu.

Aphunzitsi, yambani ndi zomwe zinachitikadi. Usiku wa pa 1 June 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati, sitima zitatu za asilikali a kumpoto, omwe ankamenyana ndi zigawo za kumwera zosunga akapolo, zinanyamuka ku Beaufort, m'chigawo cha South Carolina. Mtsogoleri anali Colonel James Montgomery, ndipo asilikali ambiri anali anthu akuda a gulu la 2nd South Carolina Volunteers. Sitima imodzi, Sentinel, inatitimira mumchenga panjira, choncho zomwe zinakwera mtsinje m'bandakucha wa pa 2 June ndi ziwiri: John Adams ndi Harriet A. Weed. Musajambule zitatu. Zinali zoyendera nthunzi, ndiye zikhale ndi chumuni ndi utsi. Tsiku limenelo anthu oposa 700 anathawa m'minda ya eni akapolo.

Ambiri amalakwitsa malo. Akamva za ukapolo wa ku America amajambula thonje, koma ku Combahee kunali mpunga. Dziko lake ndi lathyathyathya, lamadambo, lopanda phiri, minda yogawidwa ndi mizere yadothi ndi ngalande. Madzi a mtsinjewo amakwera ndi kutsika motsatira nyanja, n'chifukwa chake sitima zinkafuna anthu odziwa njira. Apa ndiye panali ntchito ya Tubman: anali atasonkhanitsa akazitape ndi oyendetsa mabwato a m'deralo, omwe ankadziwa pomwe adani anatchera mabomba m'madzi. Goli lija timaliona pa zithunzi za akapolo opita ku Nkhotakota musaliikemo. Anthu a ku Combahee ambiri anabadwira komweko, makolo awo anachokera makamaka kumadzulo kwa Africa, ndipo zidzukulu zawo ndi a Gullah Geechee a lero.

Tubman mwiniwake asaoneke gogo. Zithunzi zake zotchuka ndi za muukalamba, pomwe mu 1863 anali ndi zaka pafupifupi 41, wamfupi, wotalika mafiti asanu okha. Funani pa intaneti chithunzi chake chojambulidwa cha m'ma 1868, chomwe chinapezeka mu alubamu ya Emily Howland ndipo chimasungidwa ndi Library of Congress pamodzi ndi nyumba ya mbiri ya anthu akuda ku Washington.

Koma ife tikadakhala inu, pakati pa khoma tikadaika khamu la anthu othawawo, Tubman n'kukhala chapambali. Sitima zitaliza mluzu, anthu anataya makasu n'kuthamangira kumtsinje, akapitawo akulephera kuwabweza. Tubman anadzasimba yekha za mayi wosenza mphika wa mpunga ukadali kufuka nthunzi, ana akulendewera m'khosi, ena atanyamula nkhumba ndi nkhuku. Mabwato ang'onoang'ono opita nawo kusitima atadzaza, otsala kugombe anawagwira osafuna kuwasiya, kuopa kuti sadzabweranso, mpaka Tubman anayamba kuimba ndipo anthu anataya manja. Zimenezi n'zimene ana angajambule mosangalala, aliyense munthu wake mmodzi. Kumbuyo kuoneke utsi, chifukwa asilikali anatentha nyumba, nkhokwe ndi zigayo za mpunga.

Chithunzi cha m'nyuzipepala ya Harper's Weekly cha mu July 1863 chikuthandizani pa maonekedwe a sitima ndi gombe, ngakhale anthu akuoneka ngati timadontho. Yunifolomu ya asilikali ndi yabuluu wakuda.

Za khoma lenilenilo: likhale louma, lopalidwa, lopakidwa penti woyambira kamodzi, apo ayi chinyontho chimatukumula penti n'kusupuka mvula yoyamba. Jambulani kaye papepala, ligaweni m'timabokosi, kenako lembani mabokosi omwewo pakhoma ndi choko, lililonse theka la mita. Gwiritsani penti wamadzi wa panja, kuyambira thambo ndi mtsinje, anthu pomaliza. Pansi lembani tsiku, dzina la mtsinje, ndi kuti amuna ambiri mwa omasulidwawo atafika ku Beaufort analowa usilikali.