Dzina lilembedwe pati pa tomahawk?

Achimwene, mwafunsa poti mulembetse maina a anyamata okuperekezani pa tomahawk zawo. Ine ndingasankhe pachitsulo, osati pampini. Mpini wa tinkhwangwa ta Amereka timeneti umangolowetsedwa m'bowo osakhomera, ndipo anyamata akayamba kupikisana kuponya pachitsa, umathyoka ndithu ngakhale uli wa mtengo wolimba wa hickory. Ndiye dzina lija likathera pamoto ngati nkhuni.

Pachitsulo makina a laser amalemba bwino, koma malo ndi ochepa. Zilembo zoyamba za dzina ndi tsiku la ukwati zakwana. Mipiniyo muipake mafuta a linseed isaume.

Obwera ku Texas kwanuko pandege muwauziretu: TSA, bungwe loona za chitetezo m'mabwalo a ndege ku Amereka, sililola nkhwangwa m'chikwama cham'manja, pobwerera aziike m'masutikesi akuluakulu okakhala kumalo a katundu m'ndege.